Musayambire pa Century, yambirani pa Crown

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Toyota Century, Nissan President ndi Toyota Crown mugule iti, poti mtima wanu uli pa galimoto zakale za mabwana a ku Japan. Ine ndikuti Crown.

Century ndimaikonda kwambiri, musandimve molakwa. Inatuluka mu 1967, pokumbukira zaka 100 chibadwire Sakichi Toyoda, woyambitsa kampani imene inabala Toyota, ndipo inakhala zaka 30 maonekedwe ake asanasinthe kwenikweni. Mipando yake yambiri ndi ya nsalu yaubweya, osati chikopa, kuti bwana akamakhala kumbuyo pasamveke phokoso. Ya mu 1997 ili ndi injini ya V12 (ya masilinda 12) ya malita 5. Koma masipuling'i ake ndi a mpweya, ndiye tangoganizani tsiku limene mpweyawo watuluka, galimoto yagwada pansi. Makaniko wake mukamupeza kuti? Sipeya aliyense muzidikira kuchokera ku Japan. President, yomwe inayamba mu 1965, vuto lake n'lomwelo.

Crown ndi ina. Inayamba mu 1955, ndipo ankaipangira misewu yokumbika ya ku Japan ya nthawi imeneyo. Funani ya mtundu wa S130, yomwe inatuluka mu 1987. Thupi lake limakhala pa chesesi cholimba, choncho mabampu ndi maenje a kwathu kuno siziiopsa. Pa injini sankhani 1JZ-GE ya malita 2.5 kapena 1G-FE ya malita 2, zonse za masilinda 6. Zimenezi zilinso mu Toyota Mark II, ndiye amakaniko athu amazidziwa ndipo masipeya savuta kwambiri. Ya 7M-GE, yomwe inalinso mu Cressida, ili ndi mphamvu koma imakonda kupsereza gasiketi. Pewaninso Royal Saloon G ya masipuling'i a mpweya, mungabwerere ku mavuto a Century aja.

Musanalipire, auzeni ogulitsa akutumizireni zithunzi za pansi pa galimoto. Zochokera kumpoto kwa Japan, kumene kumagwa chipale chofewa, zimadyedwa ndi dzimbiri chifukwa cha mchere wa m'misewu. Magalasi, nyale ndi zokongoletsa zikhale zonse zilipo, poti zimenezo ndiye zosowa kuposa za injini.

Chiwongolero chili kumanja monga tinazolowera. Koma pitani kaye ku MRA akuwerengereni msonkho, chifukwa umakwera galimoto ikakhala yakale komanso ya injini yaikulu. Mukapeza S130 yomwe yakusangalatsani, tumizani zithunzi zake muno tiionere limodzi.