Mafunso pa Chichewa: Kodi Ndege Idagwa, Idagwetsedwa Kapena Idachita Ngozi?

Wowerenga wina, amene ndi mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale, walemba kuti: "Ndimafuna kufotokozera ophunzira anga mbiri ya ndege ya Concorde m'Chichewa, koma mawu achingerezi akuti supersonic andisowetsa mtengo wogwira. Kodi ndizinena kuti ndege yothamanga kuposa mawu, kapena kuposa phokoso?"

Aphunzitsi, zonse ziwirizo zikumveka, koma ine ndingasankhe kunena kuti "ndege yothamanga kuposa liwiro la phokoso". Vuto la "mawu" ndi lakuti ambiri tikamva dzinali timaganiza za zoyankhula za munthu, kotero wophunzira angamve ngati mukunena kuti ndegeyo imathamanga mosaneneka, pamene inu mukunena za muyeso weniweni. Mukafuna kuti anawo akhulupirire kuti phokoso limayenda ndipo lili ndi liwiro lake, akumbutseni za nyengo ya dzinja, pamene timayamba taona mphezi ikung'anima kenaka n'kumva bingu patapita kanthawi. Phokoso limayenda makilomita pafupifupi 1,225 pa ola kufupi ndi nthaka, ndipo Concorde inkapitirira makilomita 2,100 pa ola, kotero kuti ulendo wa pakati pa London ndi New York inkaudula m'maola atatu ndi theka. Akatswiri amatcha liwiro lakelo Mach 2, ndiko kuti liwiro la phokoso la m'mwamba momwe inkaulukamo (lomwe limacheperapo kusiyana ndi la kufupi ndi nthaka) kuwirikiza kawiri, ndipo dzina lakuti Mach mulisiye momwe lilili chifukwa ndi la munthu, Ernst Mach, wasayansi wa ku Austria. Kuphulika kumene anthu a pansi amamva ndege yotere ikamadutsa mungakutche "kugunda", monga amagundira mabingu. Kugundako ndiko kudachititsa dziko la America kuletsa mu 1973 kuti ndege za anthu wamba zizithamanga chotero pamwamba pa mtunda wake. Alipo ena amene amati ndege siithamanga koma imauluka, koma anthu omwewo sadandaula akamva kuti galimoto ikuthamanga, chonsecho nayonso ilibe miyendo.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi wina amene amamasulira nkhani pawailesi. Iwo akuti: "Nkhani ya ngozi ya ndege ikabwera, ndimasinthasintha mawu akuti idagwa, idagwetsedwa ndi idachita ngozi pofuna kupewa kubwereza. Mnzanga wina wandiuza kuti ndikulakwitsa. Kodi akunena zoona?"

Mayi, mnzanuyo akunena zoona, ndipo kulakwitsako si kochepa, chifukwa mneni wa Chichewa amanyamula mlandu m'kati mwake. Taganizani za mwana amene amatsuka mbale kuseri kwa nyumba, kenaka n'kubwera chogwetsa nkhope ndi kunena kuti, "Amayi, mbale yasweka." Mwanayo sanena kuti yaswedwa, ndipo sanena kuti ndaswa, chifukwa ngakhale sadaphunzire malamulo a chiyankhulo akudziwa kuti "kusweka" kumangotchula zimene zaichitikira mbale osaloza munthu chala. Kusukulu timati "kusweka" ndi msintho wochitika, "kuswedwa" ndi msintho wochitidwa, ndipo "kugwetsa" ndi msintho wochititsa wa mneni "kugwa". Mukanena kuti ndege idagwetsedwa mwaphatikiza misintho iwiri, wochititsa ndi wochitidwa, ndipo womvera aliyense afunsa kuti, "Ndi yani?" Mawuwa ndi oyenera pa ndege ya Malaysia Airlines imene idawombedwa ndi mzinga kum'mawa kwa Ukraine pa 17 Julayi 2014 ndi kupha anthu 298. Pamenepo kunena kuti idangochita ngozi ndi kuphimba choonadi. Koma pa ngozi ya Concorde mawu omwewo angakhale bodza.

Tiyeni tiione bwino ngoziyo, chifukwa pafupifupi mneni aliyense m'nkhani yake amafuna kusamala. Pa 25 Julayi 2000, Concorde ya kampani ya Air France inkanyamuka pabwalo la Charles de Gaulle ku Paris kupita ku New York, ndipo ambiri mwa okwera adali nzika za ku Germany. Mphindi pafupifupi zisanu m'mbuyomo, ndege ina ya mtundu wa DC-10 ya kampani ya Continental Airlines idanyamuka pamsewu wonyamukira ndege womwewo, ndipo kachitsulo kotalika masentimita oposa 40 kadathothoka pandegeyo n'kutsala pansi. Onani kuti ndati kadathothoka, osati kadathotholedwa, popeza palibe amene adakachotsa ndi manja. Concorde itaponda kachitsuloko ili pa liwiro lalikulu, tayala limodzi lidaphulika, ndipo chibenthu cha tayalalo cholemera makilogalamu oposa anayi chidamenya kunsi kwa phiko kumene kudali thanki ya mafuta.

Apa ndi pamene womasulira wopupuluma amapunthwa, polemba kuti thankiyo idabooledwa ndi chibenthu cha tayala. Ofufuza a bungwe la BEA, lomwe limafufuza ngozi za ndege ku France, adapeza kuti chibenthucho sichidalowe m'thanki. Chidangomenya mwamphamvu thanki yodzadza, mafuta a m'kati n'kukankha khoma lake mpaka lidang'ambika kuchokera m'kati kupita kunja. Choncho mneni wolondola ndi "idang'ambika" kapena "idabooka", ndipo pano Chichewa chikutha kusiyanitsa ndi tizilembo tochepa chabe zinthu zimene ofufuza adazisiyanitsa atagwira ntchito miyezi yambiri. Mafuta adayamba kutayika, moto udabuka, injini za kumanzere zidafooka, ndipo pasanathe mphindi ziwiri chinyamukire ndegeyo idagwera pahotela ina m'tauni ya Gonesse. Adamwalira anthu 113: okwera 100, ogwira ntchito m'ndege asanu ndi anayi, ndi anthu anayi amene adali pansi.

Palinso chifukwa china chosamalira aneniwa. Malamulo a bungwe la ICAO, limene limayang'anira za maulendo a ndege padziko lonse, amanena kuti cholinga cha kafukufuku wa ngozi ndi kupewa ngozi zina, osati kupeza wolakwa. N'chifukwa chake lipoti la BEA, limene lidatuluka mu 2002, lidalongosola zimene zidachititsa ngozi, ndipo zimene ofufuza ankapeza zidathandiza kuti mathanki a Concorde aikidwe nsalu yolimba ya Kevlar m'kati ndiponso kuti matayala asinthidwe ndegeyo isanayambirenso kunyamula anthu mu Novembala 2001. Nkhani ya wopalamula idapita kukhoti, ndipo kumeneko idayenda mwina: mu 2010 khoti la ku Pontoise lidapeza kampani ya Continental yolakwa, koma mu 2012 khoti la apilo la ku Versailles lidaichotsera mlandu wopha anthu mosafuna. Womasulira amene adalemba mu 2002 kuti ofufuza apeza wolakwa adaika m'kamwa mwa ofufuzawo mawu amene iwo sadanene. Popeza mneni "kufufuza" timamugwiritsa ntchito pa apolisi ndi pa akatswiri omwe, ndi bwino kutchula kuti "ofufuza za ngozi za ndege" ndi kusunga mawu akuti "wolakwa", "wopalamula" ndi "kuzenga mlandu" mpaka nkhani itafika kwa oweruza. Ndionjezepo kanthu kakang'ono kamene ndimakamva kawirikawiri pawailesi, kakuti "zidutswa za ndege yogwayo". Mneni "gwa" ndi wa phatikizo limodzi, ndipo aneni otere amasunga "ku" wawo, monga timanenera kuti chakudya, chakumwa ndi wakuba. Choncho m'Chichewa cholembedwa mosamala timati "ndege yakugwayo", kapena "ndege imene idagwayo".

Wowerenga wachitatu akufunsa ngati kuli koyenera kunena kuti "bokosi lakuda". Dzinali lidazika kale mizu ndipo sindikuona chifukwa cholizulira, koma polilemba koyamba m'nkhani muzifotokoza kuti bokosilo si lakuda. Limapakidwa utoto wowala wa mtundu wa lalanje kuti lioneke msanga pakati pa zidutswa, ndipo kawirikawiri zipangizozo zimakhala ziwiri, china chojambula mawu a m'chipinda cha oyendetsa ndege, china chosunga za kayendedwe ka ndegeyo monga liwiro ndi kutalika kwake kuchokera pansi. Amalawi ambiri adalimva dzinali mobwerezabwereza ndege ya asilikali itagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 ndi kupha Wachiwiri kwa Pulezidenti, a Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndipo ofufuza a bungwe la BFU la ku Germany adanena kuti ndegeyo idalibe zipangizo ziwirizi.

Aphunzitsi aja adafunsanso kumapeto kwa kalata yawo ngati angalembe dzina la ndegeyi kuti Konkodi. Yankho ndi lakuti ayi, chifukwa ndi dzina lenileni, ndipo eni ake omwe adakanganapo pa kalembedwe kake. Ndegeyi adaipanga mogwirizana a ku Britain ndi a ku France, ndipo dzinalo limatanthauza mgwirizano, koma Angerezi ankalilemba popanda "e" kumapeto pamene Afalansa ankaikapo. Mu 1967 nduna ya ku Britain, Tony Benn, idalengeza ku Toulouse kuti dziko lake lavomera kalembedwe ka Afalansa. Chimodzimodzinso musasinthe dzina la Tupolev Tu-144, ndege ya Soviet Union imene idayamba kuuluka pa 31 Disembala 1968, miyezi iwiri Concorde isanauluke koyamba pa 2 Malichi 1969, koma idanyamula anthu kwa miyezi yowerengeka chabe, kuyambira mu Novembala 1977 mpaka pakati pa 1978. Maina onse awiriwa amatenga agwirizanitsi a dzina lakuti "ndege", kotero timati Concorde idayamba kunyamula anthu pa 21 Januwale 1976, osati adayamba kapena lidayamba, ndipo timati idapumitsidwa mu 2003. Apa msintho wochitidwa uli m'malo mwake, chifukwa amene adaipumitsa akudziwika: ndi makampani a Air France ndi British Airways.