Kodi vuto la Montreal Canadiens ndi makochi?

Achimwene, mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti Montreal Canadiens, timu ya hockey ya pa ayezi ya ku Canada, ya zikho 24 za Stanley Cup (chikho chachikulu cha ligi ya NHL), ikhale osalawanso chikho kuchokera mu 1993, komanso ngati olakwa ndi makochi poti amangosinthidwa pafupipafupi. Makochi ali nalo gawo lawo, sindikukana. Koma mukatsatira mndandanda wawo bwinobwino, muona kuti nkhani yaikulu yagona pa munthu yemwe amalemba kochi ntchito ndi kumupezera osewera.

Tiyambe ndi zomwe kochi wa hockey ali nazo m'manja. Pa masewero amodzi timu imavala osewera 20: magoloboyi awiri, otchinga kumbuyo 6, ndi akutsogolo 12 omwe amagawidwa m'magulu anayi a atatuatatu. Pa ayezi pamakhala asanu ndi goloboyi. Gulu limodzi limathamanga masekondi 40 kapena 45 basi n'kupatsa anzake, masewero ali mkati. Masewero akaima, timu yapakhomo ndiyo imasankha anthu ake pomalizira, itaona kale omwe alendo alowetsa. Luso la kochi lili pamenepo. Kugula ndi kugulitsa osewera ndi ntchito ya general manager.

Kuchokera mu 1940 kufika mu 1979, Montreal inali ndi makochi asanu okha, ndipo inatenga zikho 18. Dick Irvin anakhala zaka 15 n'kutenga zitatu, mu 1944, 1946 ndi 1953. Anachoka mu 1955, chaka chomwe anthu anachita zipolowe mumzindawo katswiri wa timuyo Maurice Richard ataimitsidwa kusewera. Frank Selke, yemwe ankayendetsa timuyo, anaona kuti Irvin amakolezera mkwiyo wa Richard m'malo mouzimitsa, choncho anasankha Toe Blake, yemwe anasewera gulu limodzi ndi Richard ndipo ankatha kumubweza mtima. Blake anatenga zikho zisanu motsatizana kuyambira 1956 mpaka 1960, n'kuwonjezera za 1965, 1966 ndi 1968. Timu yake inkaopsa kwambiri adani akachepa ndi munthu mmodzi, wina atatulutsidwa kwa kanthawi pa chilango. Mu November 1955, Jean Béliveau anachinya Boston zigoli zitatu m'masekondi 44 pa chilango chimodzi, ndipo ligi inasintha lamulo: wolangidwa mphindi ziwiri azibwerera timu yake ikangochinyidwa.

Scotty Bowman anabwera mu 1971 n'kutenga zisanu: 1973, kenako 1976 mpaka 1979. Mu 1976-77 timu yake inapambana masewero 60, kugonja 8 okha, n'kupeza mapointi 132. Iye anali katswiri pa kusintha magulu kuja. Ankadikira kuti mdani alowetse wochinya wake wamkulu, pomwepo n'kutumiza Bob Gainey kukamumatirira. Komabe onani amene anali pamwamba pa makochiwa. Kuyambira 1946 mpaka 1978, timuyo inayendetsedwa ndi anthu awiri okha, Selke ndi Sam Pollock. Pollock ndiye anasinthanitsa ndi timu ya ku Oakland kuti apeze mwayi wosankha koyamba pakati pa achinyamata olowa mu ligi mu 1971, n'kutenga Guy Lafleur. Pollock atapuma, Bowman ankayembekeza mpandowo, koma anaupereka kwa Irving Grundman. Chaka chotsatira Bowman anapita ku Buffalo. Apa m'pamene khoma linayamba kung'aluka.

Pali china chomwe matimu ena alibe, ndicho chilankhulo. Anthu ambiri a ku Quebec amalankhula Chifalansa, ndipo amafuna kochi woti aziwayankha m'chilankhulo chawo. Blake ndi Bowman ankalankhula zonse ziwiri. Al MacNeil ankangodziwa Chingerezi. Analowa pakati pa nyengo ya 1970-71, anachita chamuna poika pagolo Ken Dryden, mnyamata yemwe anali atasewera masewero 6 okha mu ligi, ndipo anatenga chikho. Koma mu fainolo anamukhazika pabenchi Henri Richard, mng'ono wa Maurice, Richard anamunyoza pamaso pa atolankhani, nkhani inasanduka ya Chifalansa ndi Chingerezi, ndipo MacNeil anachoka pampando chikho chili m'manja. Zomwezo zinabweranso mu December 2011 pomwe Randy Cunneyworth anapatsidwa timu mogwirizira. Anthu anachita ziwonetsero, ndipo general manager Pierre Gauthier anapepesa. Munthu sangadzudzule anthu pofuna kumva kochi wawo m'chilankhulo chawo. Chomwe chilipo n'chakuti osankhapo amachepa, n'chifukwa chake Michel Therrien ndi Claude Julien aliyense analembedwa kawiri. Julien analowa m'malo mwa Therrien mu 2003, n'kudzamulowanso m'malo mu 2017.

Zikho ziwiri zomaliza, cha Jean Perron mu 1986 ndi cha Jacques Demers mu 1993, zinabwera ndi goloboyi Patrick Roy. Koma Demers tisamulande ulemu wake. Mu fainolo ya 1993, Los Angeles inali itapambana masewero oyamba, ndipo m'achiwiri inkatsogola 2-1 kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi 45. Demers anapempha kuti ndodo ya Marty McSorley wa Los Angeles iyezedwe. Kukanakhala kuti ili bwino, chilango chikanagwera Montreal. Inapezeka yopindika kupyola muyeso. McSorley atatuluka, Demers anatulutsanso Roy pagolo kuti akhale 6 kwa anayi. Éric Desjardins anabweza chigolicho, n'kuchinyanso chopambanira mu nthawi yowonjezera. Montreal sinagonjenso mu fainolo imeneyo.

Tsopano onani 1995, chifukwa yankho la funso lanu lili apa. Timu itagonja masewero anayi oyamba, akuluakulu anachotsa Demers pamodzi ndi general manager Serge Savard. Analowetsa Réjean Houle ndi Mario Tremblay, onse osewera akale a timuyo, koma Houle anali asanayendetsepo timu, Tremblay anali asanaphunzitsepo. Pa 2 December, Detroit inabwera ku Forum, bwalo la Montreal, n'kuwakwapula 11-1. Mwambo wa hockey ndi wakuti goloboyi akalowetsa zinayi kapena zisanu mofulumira, kochi amamutulutsa kuti asachite manyazi ndiponso kuti timu idzidzimuke. Tremblay, yemwe sankamvana ndi Roy kuyambira kale, anamusiya mpaka analowetsa 9 pa mashoti 26, owonerera akumuseka. Roy atatuluka anapita molunjika kwa pulezidenti wa timu, Ronald Corey, yemwe anakhala kuseri kwa benchi, n'kumuuza kuti sadzaseweranso Montreal. Patangopita masiku anayi anamugulitsa ku Colorado, ndipo Colorado inatenga chikho nyengo yomweyo. Tremblay analakwa, inde. Koma general manager wozama akanakhazika pansi awiriwo asanataye wosewera wofunika kuposa onse. Amene anaika anthu awiri atsopano pa mipando iwiri ikuluikulu nthawi imodzi ndiye ali ndi mlandu waukulu.

Ngati mukukayikabe, tsatirani komwe makochi ochoka ku Montreal anathera. Jacques Lemaire anatenga chikho ndi New Jersey mu 1995, Pat Burns ndi timu yomweyo mu 2003, Julien ndi Boston mu 2011. Therrien anafika mu fainolo ndi Pittsburgh mu 2008, Alain Vigneault ndi Vancouver mu 2011 komanso ndi New York Rangers mu 2014. Anthu awa sanaphunzire ntchito atachoka ayi. Anangopeza osewera okwanira.

Tiwonjezere kuti nthawi inasintha. Kuyambira 1942 mpaka 1967 ligi inali ya matimu 6, lero ndi 32, ndipo kuyambira 2005 pali malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse. Palibe kochi angasunge akatswiri ochuluka ngati a Bowman kwa zaka zambiri.

Dominique Ducharme anafika mu fainolo mu 2021 n'kugonja kwa Tampa Bay, koma nyengo yotsatira, goloboyi Carey Price ndi kaputeni Shea Weber atavulala, anapambana masewero 8 okha pa 45 ndipo ntchito inatha mu February 2022. Martin St. Louis anabwera atangophunzitsapo timu ya ana, zomwe zinakumbutsa ambiri za Tremblay. Kusiyana kwake n'kwakuti oyendetsa timuyo, Jeff Gorton ndi Kent Hughes, ananeneratu kuti akumanga timu ya achinyamata, ndipo sanamuchotse ngakhale timu inakhala kumunsi nyengo zitatu. Mu 2025 inalowanso m'ndime ya chipulula, n'kugonja kwa Washington. Pomuyeza St. Louis, yang'anani mphindi zomwe akupatsa achinyamata monga Juraj Slafkovský ndi Lane Hutson masewero akafika povuta, ndiponso mmene timu ikuchinyira adani akachepa ndi munthu mmodzi, chifukwa zimenezo n'zomwe zili m'manja mwake.