Chithunzi cha malemu, ngongole ya katapila

"Bambo anga pobwerera ku Joni m'zaka za m'ma 1960 anabweretsa chithunzi cha mayi wa ku China wa nkhope yobiriwira, ndipo chikadali pabalaza. Mphwanga waona pa intaneti kuti chinagulidwa ndalama zankhaninkhani. Ndatenga kale katapila wa K300,000, wa 50 peresenti pamwezi, kuti ndipikule soya, ndidzabweza ndikachigulitsa. Ndichiike pa mtengo wanji?" Wowerenga wa ku Santhe, Kasungu.

Achimwene, za mtengo ndikuuzani, koma chandisowetsa mtendere ndi katapilayo. Mwakongola ndalama podalira katundu yemwe simunamupezere wogula ngakhale mmodzi.

Chithunzi mukunenacho ndi Chinese Girl, anajambula ndi Vladimir Tretchikoff ku Cape Town mu 1952. Mphwanuyo sananame: mu 2013 chinagulidwadi pa okushoni ya Bonhams ku London, pa mtengo wa mapaundi 982,050. Koma chomwe chinagulidwacho ndi chimodzi chokha, chija mwini wake anapaka utoto ndi dzanja lake. Zinazo anazisindikiza pa makina zambirimbiri n'kumagulitsa m'masitolo motchipa, n'chifukwa chake munthu wa kumgodi anakwanitsa kugula.

Chitsitseni lero lomwe. Yang'anani kumbuyo: ngati ndi katoni kapena kathabwa kopyapyala, nkhani yatsala pang'ono kutha. Kenako jambulani tsaya la mayiyo ndi foni, mukulitse. Mukaona timadontho ting'onoting'ono tondondozana bwino, ndi cha makina. Cha pamanja chimakhala ndi mizere ya burashi, utoto wake umatumphuka moti chala chimamva. Zosindikizidwa zakale zosamalika zili nawo ozikonda ku Johannesburg ndi ku London, koma amapereka zochepa, ndipo chanu chadya utsi ndi dzuwa zaka 60. Muchotsepo zotumizira, mutsala ndi chiyani? Pa boma pa Kasungu wogula simumupeza.

Tsono tiwerengere za mwini katapila, poti iyeyo sadikira. Mwezi uno ukatha akufuna K450,000. Mukalephera, wachiwiri ndi K675,000, wachitatu mwadutsa miliyoni. Soya uti angathamange liwiro limenelo? Mavenda odziwa ntchito amapeza phindu lochepa pa kilo, atachotsa thiransipoti, matumba ndi msonkho wa pamsika. Anthu a katapila ndimawadziwa, achimwene. Tsiku lokongoza amakulandirani ndi mpando, tsiku lolonjerera amabwera ndi anyamata kudzanyamula njinga, mbuzi, ngakhale malata atsopano. Ndikukayikanso ngati munalemberana kanthu.

Chinanso, chithunzicho si chanu nokha. Ndi chuma chamasiye, ndipo mwina mphwanuyo wauza kale abale ena za mapaundi aja. Mukadzachigulitsa ndalama yochepa, palibe m'bale adzakhulupirire. Adzati mwabisa zinazo, mudanepo mpaka kalekale. Aitaneni onse, aone okha timadonthoto pa foni.

Ngati ndalama ija simunaigwiritse ntchito, ibwezeni sabata ino, mumuchonderere mwini wake akudulireni chiwongoladzanja cha masiku ochepawa. Ngati soya mwagula kale, gulitsani msanga ngakhale phindu lichepe, mutseke ngongoleyo mwezi usanathe, ndipo akulembereni papepala pamaso pa mboni kuti mwamaliza. Mpamba wina tidzakambirana mukalowa banki m'khonde, komwe chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana.