Buku lakale la GRE lija, achemwali, liikeni pansi

Sabata yatha achemwali ena anandilembera imelo. Akufuna kukachita masitazi ku America, agula buku la GRE, mayeso olowera masitazi kumeneko, kwa ogulitsa mabuku m'mbali mwa msewu, ndiye akufunsa ngati mafunso a analogy (ofananiza ubale wa mawu awiri ndi wa mawu ena awiri) odzaza m'menemo ali abwino kukonzekera nawo mayeso.

Nditawerenga ndinaseka, koma mtima unandipweteka, chifukwa dzenje limeneli ndinagweramo ineyo. Buku langa linali lopanda chikuto, lonunkha chinyezi, ndipo mwini wake woyamba analembamo mayankho ndi pensulo, ambiri olakwika. Miyezi itatu ndinkadzuka 4 koloko mbandakucha, magetsi akazima n'kuyatsa kandulo, kuloweza mawu achingerezi oti ngakhale mzungu sawatchula pamsika. Timakadi ndinadula ku katoni ya sopo. Mayi a kunyumba ankandifunsa mawuwo uku akusenda mbatata, mpaka ena anawadziwa kuposa ine. Tsiku lina mnzanga anangotsegula tsamba loyamba n'kundionetsa chaka: 2004. A ETS, eni mayesowa, anachotsa mafunso a analogy mu Ogasiti 2011. Malikisi nawonso anasintha, kale ankayambira 200 kufika 800, pano ndi 130 kufika 170. Kandulo zonse zija zinapsa pachabe.

Koma anachita bwino kuchotsa mafunso a analogy aja, sindibisa. Taonani: khasu ndi kulima, ndiye musankhe chofanana nacho, mpeni ndi kudula kapena nkhwangwa ndi kuwaza nkhuni. Zonse zikulowa! Funso lotere ndi lowola, ndipo m'mabuku otchipa muli ambirimbiri. Ngakhale labwino limangoyesa ngati munakumanapo ndi liwulo. Miller Analogies Test, mayeso ena a analogy okhaokha, mafunso 120 pa mphindi 60, nawonso anathetsedwa mu Novembala 2023. Sindinawalire.

Tsono chochita

Limbikirani Text Completion ndi Sentence Equivalence, mafunso odzaza mipata m'chiganizo amene ali mu GRE ya masiku ano. Pa chachiwirichi mumapatsidwa mawu 6 n'kusankha awiri opatsa chiganizo tanthauzo limodzi, mukaphonya limodzi palibe chanu. Musanayang'ane mayankho, pezani kaye timawu totembenuza ganizo ngati although, kenako dzazani mpatawo ndi liwu lanulanu. Mayeso oyeserera aulere a POWERPREP ali pa intaneti kwa ETS komweko, yambirani pamenepo. Bukulo musataye, langa mpaka lero likuchirikiza mwendo wa tebulo kukhitchini.