Bambo wake wa mwana akukana katemera, nditani?

Mayi wina wa ku Dedza wanditumizira imelo. Mwana wake ali ndi chaka ndi miyezi inayi, koma katemera analekezera wa pa masabata 14. Chibwerereni Covid-19, amuna awo analetsa za kusikelo, ati azaumoyo akusakaniza katemera wa Covid ndi wa ana kuti anawo asadzabereke. A katemera wa poliyo atafika pakhomo, bamboyo anatsekera mwana m'nyumba. Mayiyu akufunsa ziwiri: kodi nthawi inapita? Nanga angomuzembetsa mwanayo?

Loyambalo ndi losavuta. Simunachedwe, mayi. Tengani buku la mwana la kuchipatala mupite nalo. Sayambiranso pachiyambi ayi, amapitiriza pomwe munalekezera. Wa chikuku ndiye wofunika changu, chifukwa woyamba amabaya pa miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15, ndipo wanuyo wadumpha onse awiri.

Lachiwirilo ndiye lovuta.

Musayambe ndi kuwatcha amuna anu mbuli. Mantha awowo ali ndi pomwe anachokera. Katemera wa Covid wa AstraZeneca anafika kuno mu Malichi 2021 mauthenga a pa WhatsApp atafika kale, ena a 666, ena a kusabereka. Mu Meyi chaka chomwecho boma linawotcha katemera wotha ntchito pafupifupi 20,000, ndipo ambiri anangoona utsi osamva chifukwa chake. Tisanapume, mu Febuluwale 2022 kunalengezedwa kuti mtsikana wa zaka 3 ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo, matenda amene tinawaona komaliza mu 1992. Posakhalitsa anthu onyamula mabokosi ozizira anayamba kugogoda khomo ndi khomo, osati kamodzi. Munthu amene wamva mabodza chaka chathunthu sangalephere kufunsa kuti, mwana analandira kale, akubwereranji?

Yankho lilipo, kungoti ambiri sanawauze. Kachilombo ka poliyo kamayenda kudzera m'chimbudzi, m'madzi ndi m'manja osasamba. Ana ambiri amene akatenga saonetsa chizindikiro chilichonse, amene amapuwala ndi pafupifupi mmodzi pa ana 200. Ndiye mukaona mmodzi wopuwala, dziwani kuti ambiri akuyenda nako akusewera bwinobwino. Ndipo madontho a ulendo umodzi sateteza mwana aliyense mokwanira, n'chifukwa chake amabwereza. Kachilombo ka ku Lilongwe kaja ataona bwino anapeza kuti n'kofanana ndi ka ku Pakistan, kenaka kanapezekanso ku Tete. Sikafuna pasipoti.

Za kusakanizazo, afunseni bambowo zomwe anaona ndi maso. Katemera wa Covid ndi jakisoni wa paphewa. Wa poliyo wa pakhomo uja ndi madontho awiri m'kamwa, kenaka kupaka inki pa kachala kakang'ono, basi. Wa chikuku ndi jakisoni inde, koma mlangizi wa zaumoyo mukamupempha amakuonetsani kabotolo muwerenge nokha. Kenaka, mwanthabwala ndithu, apempheni akwinye mkono wa malaya. Mwina mupezapo kachipsera ka BCG, katemera wa chifuwa chachikulu amene anawabaya ali khanda. Anabayidwa, anakula, anabereka mwana amene mukukanganiranayu.

Kusikelo kumadzaza amayi okhaokha, n'chifukwa chake abambo ambiri nkhani za katemera amazimvera pa bawo. Mlangizi wa m'dera lanu abwere adzacheze nawo pakhonde, kapena muuzeko ankhoswe amene amawamvera.

Akakanitsitsa? Ine ndingapite naye mwanayo. Mu 2010 chikuku chinagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno, ndipo ana ena anamwalira makolo awo atakana katemera. Koma ndingapite nditawauza, osati mozemba. Mwana akabayidwa nthawi zina thupi limatentha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo inki ya pachala ija sichoka msanga. Akadzazindikira okha, mlandu sudzakhalanso wa katemera, udzakhala woti munawanamiza, ndipo wa chikuku wachiwiri uja mudzamupeza movutikira.