Tigwetse fakitale yakale kapena tiisandutse nyumba zogona?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti mumzinda wawo, womwe si waukulu kwambiri, muli fakitale ya nsalu yomwe idatsekedwa kalekale, komanso nyumba yosanja ya maofesi yomwe yangokhala yopanda anthu. Khonsolo ikufuna kugwetsa zonse ziwiri kuti pamangidwe nyumba zogona zatsopano, ndipo yaitana anthu kumsonkhano. Iwo akufunsa kuti: "Ndikanene chiyani kumeneko? Anthu akusowadi pogona, koma mtima wanga sukulola kuti fakitaleyo igwe."

Mayi, mtima wanu sukunama, koma kumsonkhano musakapite ndi chifundo chokha. Nyumba ziwirizi si zofanana, ndipo ine ndikadakhala inu ndikadalimbira fakitaleyo, ya maofesiyo n'kuyamba ndaikayikira.

Mafakitale akale a nsalu ankamangidwa magetsi asanafale, choncho ankawaika mazenera aatali kuti oomba nsalu aziona ndi kuwala kwa dzuwa. Denga limakhala patali, ndipo pansi ndi mizati adazimanga kuti zisenze makina olemera. Kama ndi kabati n'chiyani pa nyumba yotere? N'chifukwa chake ku Lowell, mzinda wa ku Massachusetts, ku America, wa anthu opitirira pang'ono 100,000, mafakitale a nsalu monga Boott Mills lero mbali ina mukugona mabanja. Chofunika kuchisamala ndi nthaka. Pamene ankanyikira nsalu mu utoto pamatha kutsala mankhwala oopsa, ndipo padenga kapena pamapaipi pamatha kupezeka asibesitosi, chomangira chakale chosagwira moto chomwe fumbi lake limawononga mapapo. Izi zipimidwe ana asanayambe kusewera pabwalopo.

Nyumba ya maofesi ndiyo imapusitsa anthu. Kunja imaoneka ngati yangotsala kuikamo makama. Koma zambiri mwa nyumbazi ndi zotakata kwambiri, moti pakati pake pali kutali ndi zenera lililonse. Zimbudzi zimakhala pamalo amodzi, pafupi ndi masitepe, pomwe banja lililonse likufuna khitchini ndi bafa yakeyake, ndiye kuti kuboola konkire chipinda ndi chipinda kuti mapaipi adutse. Ku England, mu 2013 boma lidalola kuti maofesi azisandutsidwa nyumba zogona popanda kutsata njira yonse yopempha chilolezo. Nyumba zidachulukadi, koma zina zidali tizipinda topanikiza, tina topanda ndi zenera lomwe. Imodzi mwa nyumbazi, Terminus House ya m'tauni ya Harlow, idatchuka ndi mbiri yoipa ya mtundu umenewu. Boma lidachita kubwerera m'mbuyo n'kulamula kuti zipinda zizilowa kuwala kwa dzuwa, ndipo kuyambira 2021 zisamachepe kuposa muyezo woikika. Tsono mukafunse kuti kuchokera pazenera kufika pakati pa nyumba ya maofesi ya kwanuyo pali mamita angati. Yankho lake lokha lingathe kuweruza mlandu wonse.

Pali chinanso chomwe okonda kugwetsa sachiwerengera. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni womwe anthu amatulutsa padziko lonse, mpweya womwe ukutenthetsa dziko. Khoma lomwe laima kale lidalipira kale mtengo umenewo. Mukaligwetsa, mulipiranso kachiwiri, kuwonjeza apo magalimoto otuta zigumukire.

Komabe chomwe chimandisowetsa tulo pa nkhani ngati izi si makoma ayi, koma anthu. Nthawi zambiri dera likakonzedwa n'kukongola, lendi imakwera, ndipo omwe adapirira pamalopo pali mdima ndi udzu ndiwo amayamba kusamuka. Fakitale yanu ikhoza kupulumuka, njerwa zake n'kutsukidwa bwinobwino, koma mphunzitsi kapena namwino wa mumzinda momwemo osakwanitsa kulowamo. Zikatero mwapulumutsa chiyani?

Ku Bordeaux, ku France, adaonetsa kuti njira ina ilipo. M'dera la Grand Parc mudali nyumba zosanja zitatu za m'ma 1960, zokhala ndi mabanja 530. Akatswiri a zomangamanga Anne Lacaton ndi Jean-Philippe Vassal, pamodzi ndi anzawo, sadazigwetse. Adamanga makonde aakulu otchingidwa ndi magalasi kunja kwa nyumba iliyonse, eni ake ali momwemo, osasamutsidwa, ndipo lendi sidakwere chifukwa cha ntchitoyo. Mu 2021 awiriwa adalandira mphoto ya Pritzker, mphoto yaikulu ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa palibe gogo yemwe adauzidwa kuti alongedze katundu akadikire kwina.

Choncho kumsonkhanoko mukapemphe kuti lipoti la injiniya woima payekha, osati wolembedwa ndi kampani yofuna kumangayo, liwerengedwe poyera. Akadzati mizati ya nyumba ya maofesi idadyeka ndi dzimbiri kapena kuti kuwala sikungafike mkati, musakakamire, igwe ndithu, pamangidwe zatsopano. Ndipo kaya agwetsa kaya akonza, mukaumirire kuti chiwerengero cha nyumba za lendi yotsika chilembedwe m'pangano la khonsolo ndi kampaniyo, pamodzi ndi zaka zomwe lendiyo idzakhale yotsika. Akakuyankhani kuti zimenezo adzaziona m'tsogolo, mukapemphe kuti yankho lomwelo lilembedwe m'maminitsi a msonkhano, ndipo mudzandilemberenso.