Afewetse basi, koma achimwene musayatse

Achimwene, inu amene mwagula transmitter (chipangizo choulutsira mawu) kuti mutsegule wailesi ya m'dera, ine ndikuti a MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi m'Malawi, afewetse malamulo opezera laisensi. Kawailesi komveka m'midzi ingapo sikangalipire ngati wailesi yomveka kuyambira Nsanje mpaka Chitipa. Ndalama za laisensi ankawerengera m'madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo unakwera tili mtulo. Mwaiwala kuti mu 2022 MACRA inalanda malaisensi a mawailesi angapo chifukwa cha ngongole? Ena anali a m'tauni, okhala ndi makampani otsatsa malonda. Nanga ife odalira mauthenga a maliro ndi moni?

Ndipo njira ikavuta amene amanenepa ndi adobadoba. Kwathu kunabwera mkulu wina wa tayi, akuti amadziwana ndi mabwana, mapepala a laisensi ya wailesi yathu atuluka msanga. Tinasonkha. Amayi a banki mkhonde anatibwereka, ena anagulitsa mtedza, atchalitchi anapereka chipinda. Ndalama ndinakapereka ine ndi manja angawa, poti ndinali msungichuma. Kenako foni yake inangoti zii. Tsiku la msonkhano pabwalo la amfumu anandiimika pakati, dzuwa lili pamutu, ati muimbireni pompano tonse timve. Ndinaika pa sipika, manja akunjenjemera. Nambala siikupezeka. Ndinaimbanso. Anyamata kumbuyo anayamba kuseka. Agogo ena amene anagulitsa mbuzi yawo anangoti, "Mwanawe, mbuzi yanga ija ilankhula liti?" Mayi anga anali pomwepo, anaphimba nkhope ndi chitenje. Mpaka lero ndikagula kanthu katsopano anthu amati ndi za wailesi zija. Mbava ija ndinamva kuti ikuyendabe m'maboma ena ndi chikwama chake chomwe chija, ikulonjeza anthu mafrikwensi ngati ndi a kwawo. Mulungu amuone, wopanda manyazi!

Tsono transmitter mwagulayo musayatse mulibe laisensi, ngakhale wina akuuzeni kuti yaing'ono safunsa. FM imathera pa 108 MHz, pamwamba pake ndi pomwe pali mauthenga a ndege, ndipo tizipangizo totchipati timatayikira kwa eni ake. Apo pokha lamulo lisafewe. Lembetsani kaye gulu lanu, mupite nokha ku MACRA, ndalama muzilipira kubanki muzitenga lisiti. Komabe mafomuwo si masewera, pali za mapu ndi mphamvu ya transmitter, nokha simungathe. Pezani katswiri wa zipangizo za wailesi akuthandizeni kulemba mafomuwo, koma kukapereka mupite nokha.